Magalasi a Che Dinala

Phukusi lililonse limene lalowa mu Mangochi muno pa zaka zisanu ndi zinayi zapitazi ladutsa m'manja mwanga. Ngakhale munthu atatumiza njovu kuchokera ku Joni, wosayinira ndi ine ndemwe. Chabwino, ndanama. Manja ake ndi a Safia, mwana wa mlongo wanga. Changa ine ndi benchi ya pakhomo pa ofesi yawo, imene ndaikhalira mpaka ikandiona imayamba ndi iyo kupereka moni.

Safia amagwira ntchito ku kampani ina yotumiza katundu, kufupi ndi msika. Kwathu kuno nyumba zilibe manambala. Munthu ali ku Joni amangolemba pa katoni kuti, "Amayi anga, kuseri kwa chigayo, mukafunse." Chigayo chakecho chinagwa kalekale. Koma Safia amangonunkhiza katoniyo n'kutchula mudzi, mzikiti umene mayiwo amapemphera, ndi dzina la mbuzi yawo. Za mbuzizo ndawonjezera. Zinazo n'zoona.

Pamene ankayamba ntchito analipo anthu asanu ndi njinga zamoto ziwiri. Ina inkalowera ku Makokola ndi ku Nkope, ina inkawoloka Shire kupita ku Lungwena. Kenako mabwana a ku Blantyre anayamba kudula. Anadula njinga ya kutsidya, ati kulibe phindu. Anadula anthu atatu, kutsala Safia pa kauntala ndi Sulemani pa njinga. Anadula mayunitsi: phukusi limodzi, kuimba kawiri basi. Mwini wake akapanda kubwera ndi chiphaso m'masiku asanu, libwerere kumene lachokera. Ndikukuuzani, akanakhala ndi mpeni wabwino akanadulanso mwendo umodzi wa Safia, kuti asamathe simenti ya mu ofesi.

Antchito a m'maofesi onse analemba kalata yodandaula, Safia n'kusayina nawo. Anafunsa kuti msodzi ali pakati pa nyanja ayankha bwanji foni, nanga wa ku Lungwena abwera bwanji pomwe sakudziwa n'komwe kuti kuli katundu wake. Yankho linafika patatha miyezi iwiri, chifukwa analitumiza pa kampani yawo yomweyo.

"Anthu satukwana a ku Blantyre, amjomba," anandiuza tsiku lina. "Amatukwana ine. Ndipo sakulakwa."

Safia sanasiye ntchito. Anangoyamba kutumiza mauthenga pa miyendo ya anthu. Amayi ogulitsa usipa, akabaza, aphunzitsi obwera kudzagula choko, aliyense wodutsa pakhomo paja amachoka atasenza dzina la munthu m'mutu.

Ndiye kunabwera kaphukusi kakang'ono ngati sopo, kolembedwa Che Dinala, telala wa ku Lungwena. Anali magalasi a maso amene mwana wawo wamkazi anawapangitsira ku Lilongwe. Mwanayo anaimba yekha kudandaula kuti bambo ake akulephera kulowetsa ulusi pa singano, mayunifolomu a ana a sukulu aunjikana pakhonde, ndipo makolo ayamba kutenga nsalu zawo kupita nazo kwa telala wina. Nambala ya pa phukusi inali ya mkamwini wawo, amene anali ku usodzi ku Makanjira. Safia anaimba kawiri, zii. Anaimbanso pa foni yakeyake, zii. Tsiku lomaliza la masiku asanu aja linali Loweruka, ndipo galimoto yobweza katundu imanyamuka teni koloko.

"Amjomba, mawa ndi Lachisanu, amuna onse a ku Lungwena akakhala ku mzikiti," anatero. "Pitani mukawauze abwere ndi chiphaso. Ine ndikachoka pano ofesi yatsekedwa."

"Ku Lungwena? Mwana iwe, ine ndinapalasapo njinga kukafika ku Chiponde n'kubwerako tiyi wanga asanazizire."

Ananditsimikizira kuti sakukayika, n'kundipatsa ya matola.

Ndinanyamukadi, zimenezo musandilande. Ndinafika mpaka pa mlatho. Koma dzuwa la tsiku limenelo linali loti nkhuku zimaikira mazira owiritsa kale, ndipo pansi pa mtengo panali bawo, ndipo munthu wina ananena mokweza kuti ine bawo ndinaiwala. Mukanatani inuyo? Podzadzuka pamenepo, ku Lungwena anali atapemphera kale n'kubalalika. Ya matola ija inali itasanduka chimanga chootcha.

Loweruka ndinalawirira ku ofesi. Galimoto inali itaima kale pakhomo, dalaivala akuponyamo makatoni ngati akutaya zinyalala. Pa benchi yanga panali kankhalamba kena kowonda, kovala mkanjo wotuwa, kakuphethira ngati kadzidzi masana. Ndinakasuntha pang'ono. Kaphukusi kaja kanali pa kauntala. Nzeru yanga inali imodzi: ndinene chinachake choti Safia akabise mpaka Lolemba, ine ndipite ku Lungwena kwenikweni.

"Mwayenda bwanji, amjomba?"

"Usafunse. Matola anafera pa njira, ndinakankha ndekha anthu ali momwemo."

"Pepani. Che Dinala munawapeza?"

"Kuwapeza? Tinapemphera phewa ndi phewa! Chimunthu chachikulu, polowa mu mzikiti chimachita kuwerama. Anandikokera kwawo, anandiphikitsira chambo chotalika ngati chitseko ichi. Koma mwendo watupa, sangayende. Akuti uwasungire mpaka Lolemba."

"Mwendo uti?"

"Wakumanzere. Walla..."

"Musalumbire, amjomba. Dzulo lomweli linali Lachisanu."

Dalaivala analowetsa mutu pakhomo. "Asisi, chatsala n'chiyani? Nthawi yatha."

"Palibe chatsala, achimwene, pitani bwino," anatero Safia. Kenako anakweza mawu mwaulemu. "Che Dinala, bwerani musayine. Pepani ndakudikiritsani, ndimafuna ndithane ndi galimotoyi."

Kankhalamba ka pa benchi kaja kanaimirira. Miyendo yonse iwiri inali bwinobwino. Anatulutsa chiphaso m'thumba la mkanjo, Safia n'kuwagwira dzanja kuwalozera posayina. Uthenga anaumva kwa Mayi Ajira ogulitsa usipa, amene Safia anawatuma Lachinayi lomwelo, ine ndisanavale n'komwe nsapato. Anabwera pa matola oyamba.

Safia anatsegula kaphukusi, napukuta magalasi ndi nsonga ya mpango wake, n'kuwaveka. Mkuluyo anayang'ana chikhatho chake nthawi yaitali. Anasolola singano imene anaibaya pa kolala, nathothola ulusi wa pa mkono wa mkanjo. Kamodzi kokha, ulusi uja unalowa. Anaseka ngati mwana.

Kenako anatembenukira kwa ine, nandiyang'ana kuyambira ku chipewa mpaka ku zala za kumapazi.

"Mama, bambo awa ndi ndani?"

"Simukuwadziwa? Munadya nawo chambo dzulo." Safia anatsamira pa kauntala, nanditambasulira dzanja lofuna ya matola ija. "Amjomba, tawakumbutsani. Chinali chotalika ngati chitseko chiti?"