Njira ya ku Thamanda la Atsekwe

Ntchito yanga yoyamba ndidaipeza ndikumenya chitini. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndidangokhala pakhomo, ndiye mayi adandipatsa udindo wopirikitsa mbalame m'munda mwathu mwa mpunga, kumunsi kwa Sharpevale. Tsiku lina padaima bambo wina woonda, atakoleka mabayinokyula m'khosi, nandifunsa dzina la mbalame zomwe ndidathamangitsazo. Ndidayankha mwamwano ndithu kuti ndi achipweyo, mbava zotheratu, ndipo akamauluka amaimba mluzu ngati akukuseka. Bamboyo adaseka mpaka kutsokomola.

Amenewo adali a Magombo. Adagwira ntchito ku migodi ya ku Joni ali mnyamata, nabwerako ndi chifuwa chosamva mankhwala. Iwo ndiwo ankatsogolera kagulu koyenda m'dambo kukaona mbalame za m'madzi, ndipo popeza mpweya udayamba kuwaperewera, ankafuna munthu wa miyendo yabwino. Adati pakamwa panga adzapakonza pang'onopang'ono.

Tinkayenda Loweruka lililonse m'mawa, kuyambira Julayi mpaka kumapeto kwa Ogasiti. Nthawi imeneyo madambo amakhala akuphwa, mbalame n'kumaunjikana m'madzi otsalira. Kunkabwera aphunzitsi, ana asukulu, alimi anzathu, mwina ndi alendo ochokera ku Lilongwe. Ntchito yanga idali kupukuta magalasi a mabayinokyula ndi kansalu kofewa, osati ndi chitenje, kunyamula buku la zithunzi za mbalame, ndi kutsogola ndi ndodo ndikuyesa matope. Tinkayenda mondondozana, dzuwa lili kumsana. Malaya owala adali oletsedwa, kuloza ndi dzanja nakonso ayi.

"Uyambe waipeza ndi maso, Nangozo," ankatero a Magombo. "Ukatero ukweze makinawo osasuntha mutu."

Chuma chawo chenicheni chidali thamanda lina lobisika pakati pa bango. Nyengo yozizira ikamapita kumapeto, atsekwe amathothoka nthenga zonse za m'mapiko nthawi imodzi, ndipo amakhala masabata angapo osauluka. Chimbalame chachikulu chija chimangotsala ngati bakha wapakhomo. Ndiye ankathawira m'thamandamo kudikira nthenga zatsopano. Gulu lathu linkathera pa chulu china chakutali, n'kumawaona timitu tokha m'magalasi. Pafupi tinkafikapo awiri okha, ine ndi a Magombo, mwa apo ndi apo.

Chaka chimenecho mphepo ya Ogasiti idawagwetsa a Magombo. Adagona pamphasa osathanso kuyenda, ndipo ulendo wa Loweruka ndidayamba kutsogolera ndekha. Madzulo ndikapita kukawaona, funso lidali limodzi lomwelo: auluka? Ankandituma kuti ndikasuzumire kuthamanda kuja, inenso ndinkapita mokondwa, poti nkhani ya atsekwe ndi yokhayo imene inkawakhazika tsonga. Ndinkapita tsiku ndi tsiku, nditavala magambutsi, kulowera pamalo pomwe adandionetsa paja. Ndinkawafotokozera kuti tsekwe wamkulu wa chipumi chofiira wayamba kukupiza mapiko, iwo n'kumamwetulira.

Loweruka lomaliza la mwezi anthu adabwera ambiri. Tidaona akakowa, tidaona nantchengwa akusaka achule, kenaka tidakwera pachulu. Ndidakweza mabayinokyula. Pamadzi padali nthenga zokhazokha, mphepo ikuzikankhira kumbali imodzi, bango litagwa ngati mwadutsa ng'ombe. Ndidapukuta magalasi, n'kuyang'ananso. Mayi wina wa ku Lilongwe adandifunsa kuti atsekwe ndinkawatama aja ali kuti. Ndidangotembenuza gulu lonse n'kumalionetsa achipweyo amene adatera kumpunga, mtima uli zii. Ulendo ndidaumaliza, mabayinokyula ndidatolera, koma zomwe ndidalankhula sindizikumbukira.

Kuchoka apo ndidalunjika kwa a Magombo, ndikusinkhasinkha kuti ndiwanamize kuti auluka. Pakhonde ndidapeza a malume anga atakhala pampando, wodwala atatsamira khoma pamphasa. Kuseri, akazi a Magombo ankasosola chinthu chachikulu chakuda.

A malume si munthu woipa. Chaka ndi chaka atsekwe ankawadyera nazale ya mpunga, ndipo ana awo ndiwo zankhuli ankangozimvera kwa anzawo. Kwathu wodwala sumuzonda chimanjamanja, ndiye pa atsekwe amene adapha ndi anzawo dzulo lake, adasankha wonenepa kuposa onse kuti mkuluyo amwe msuzi apezeko mphamvu. Ankafotokoza monyadira kuti mbalamezo sizidavute n'komwe, agalu ndi zibonga basi.

"Njira yake ndi yoyera bwino," adatero. "Tidangoilondola, tinkayesa ndi ya asodzi."

Ndidayang'ana magambutsi anga. A Magombo adaomba m'manja mwaulemu, nathokoza a malume chifukwa chowakumbukira pa matenda. Adawafunsa za kunyumba ndi za madzi a m'ngalande, mpaka mlendoyo adatsanzika.

A malume atachoka, a Magombo adapempha akazi awo kuti awabweretsere phiko limodzi. Adalitambasula pabondo. Nthenga zatsopano zidali zitatuluka kale, zosalala, zongotsala pang'ono kukhwima.

"Watsalako ngakhale mmodzi?"

"Sindinamuone, bambo."

Ndidalira pomwepo ngati mwana, ndikunena kuti njirayo ndi ya mapazi anga. Iwo adapukusa mutu.

"Ankakutuma ndani? Miyendo inali yako, koma woyenda ndinali ine."

Msuziwo utapsa adamwa, chifukwa akazi awo adauphika ndi mtima wonse ndipo m'nyumbamo mudalibenso china. Ine adandipatsa mbale, koma sindidathe kumwa. A Magombo adatisiya mvula isanagwe, ndipo a malume adali m'gulu la amene adanyamula bokosi.

Maulendo a Loweruka ndikuwatsogolerabe mpaka lero, mabayinokyula ake ndi omwe aja. Atsekwe adatha zaka osabwerera, kenaka adayambanso kuoneka, ochepa, m'thamanda lina lomwe sinditchula. M'bango sindilowera malo amodzi kawiri, ndipo ndikamatuluka ndimadzutsa udzu ndi ndodo kumbuyo kwanga. Ikafika nyengo yothothoka nthenga ndimathera pachulu pamodzi ndi gulu lonse. Mtima umandikoka kuti ndikasuzumire, koma ndimapirira mpaka tsiku lomwe ndidzawaone akudutsa okha pamwamba pa mpunga wa a malume. Ndikawaona ndimayankha funso lija loti auluka, ngakhale wofunsa kulibe.