Katundu Wotsika Pomaliza

Amuna anga anayendetsa mathiraki zaka zoposa makumi atatu, koma m'zaka zonsezo sindinakhalepo pambali pawo pa ulendo wautali. Iwo ankadutsa pa boda ya Mwami ngati akupita kudimba, lero ku Lusaka, mwezi wamawa ku Beira, ine ndili kuno kwa Mlonyeni kulima mtedza ndi kulera ana. Mabwana awo sankalola kukweza akazi. Atapuma ntchito anagula kapikapu kakale koyera, ka mpando umodzi wautali kutsogolo, wokwana anthu atatu mothinana. Ndinati basi, nthawi yanga yakwana. Ndinadzinamiza. Galimoto ya m'mudzi imayenda pa maliro, pa ukwati ndi popita ndi wodwala kuchipatala, ndipo pa maulendo onsewo sipalephera kukhala achikulire oyenera ulemu. Woyamba kudzipereka amakhala mkazi wa mwini galimoto. Amakwera kumbuyo, n'kukhalira tayala la sipeya, chitenje kumutu chifukwa cha fumbi. Tayala limenelo ndinkalidziwa kuposa benchi yanga ya kutchalitchi.

Za ku Nyika zinayamba ndi foni. Mwana wathu wamkazi amene amakhala kunja anatitumizira vidiyo ya anthu akutsetsereka paphiri loyera mbee, atamanga timatabwa titalititali kumapazi. Ndinaionera katatu, n'kuseka mpaka misozi pamene wina anagwa chagada miyendo m'mwamba.

"Kwathu konkuno kuliko," anatero amuna anga. "Kotsetsereka kulibe, koma ku Nyika m'mawa wa Julaye udzu umayera ngati authira ufa. Madzi ukawasiya panja m'beseni umawapeza atauma gwa. Ndinapitako ndi simenti ndili mnyamata."

"Inu madalaivala bodza ndi laisensi yanu yachiwiri," ndinatero.

"Tiyeni mukadzionere nokha, amayi."

Ndinaganiza kuti ndi macheza, koma iwo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya, ndipo akatero ndimadziwa kuti nkhani yakula. Kuchipatala anali atawauza kuti diso lakumanzere layamba ng'ala. Amuna angawo anati maulendo afupiafupi adzayendabe, koma ulendo wodutsa maboma anayi kapena asanu, chaka chimenecho chinali chomaliza. Ndinamva chisoni, ndipo pompo ndinamvanso dyera. Ndinaika lamulo limodzi lokha.

"Tipite awiri, ine kutsogolo. Tayala lija ndatopa nalo."

"Ndamva," anatero.

Tinayamba kukonzekera titatha kufukula mtedza. Masana aliwonse ankakhala pakhonde ndi chidutswa cha katoni ndi bolopeni, n'kumalemba njira monga ankachitira pa ntchito. Kunyamuka kutangoyera, kudzera pa Kamwendo mpaka ku Kasungu, kenako Jenda. Ku Chikangawa ankafuna tidutse dzuwa lili paliwombo, chifukwa nkhungu ya kumeneko m'miyezi yozizira imabisa ngakhale lole ya matabwa ili pamphuno pako. Kugona ku Rumphi, popeza mdima ndi maso awo zinasiya kugwirizana, ndipo m'mawa mwake kukwera phiri pamsewu wafumbi. Analemba pothira dizilo paliponse, n'kujambula mzere kawiri pansi pa Rumphi, kuti pamenepo tidzaze ndi chigubu chomwe. Anabwereka sipeya yachiwiri, anapaka jeke girizi, anaika fosholo, chingwe ndi thabwa lochindikala. Ndinawafunsa ngati tikupita kukaona phiri kapena kukalisamutsa. Anandiyankha kuti dalaivala amene saopa msewu sakalamba.

Mbali yanga inali ya zofunda ndi zakudya. Ndinapita pa msika wa pa Kamwendo kukasankha kaunjika, ndipo ndinagula majekete atatu, masokosi aubweya ndi zipewa zophimba makutu. Pansi pa mulu wina ndinapeza chovala chofiira chofutukuka, buluku ndi jekete zolumikizana, chofanana ndendende ndi cha anthu a mu vidiyo aja. Mayi wogulitsayo anati wakhala akuyenda nacho misika yonse miyezi iwiri, anthu akungochinyamula n'kuseka. Ine ndinachigula. Kunyumba ndinachiyesa nditatseka chitseko, amuna anga anaseka mpaka kutsokomola, nanenso ndinaseka. Masiku amenewo anali okoma kwambiri, moti ndikawakumbukira ndimaona ngati ulendowo tinaudya kawiri.

Cholakwa chathu n'chakuti ndife anthu oleredwa bwino. Kuno munthu sachoka masiku anayi osatsanzika. Kutagwa zovuta m'mudzi, anthu angakakufune kuti? Choncho amuna anga anapita kukatsanzika kwa achemwali awo aakulu, amene ndi alamu anga, ine ndili pambuyo. Alamuwa ndi mayi wathupi, wamawu, amene anathandiza kulera amuna anga ndipo salola kuti aliyense aiwale zimenezo.

"Kumpoto? Kwagwanji?" anafunsa, ataika lichero pansi.

"Sikunagwe kanthu, achemwali. Tikukaona kuzizira."

"Kuzizira! Kwa kunoku sikukukukwanani? Dizilo yense ameneyo kukaona kuzizira?" Anatiyang'ana ngati tadwala tonse awiri. Kenako nkhope inasintha. "Ndiye kuti pa Mzuzu mudutsa?"

Mwana wawo wa ku Mzuzu anali atangobereka kumene, ndipo alamu anali asanamuone mdzukuluyo. Ndani angakane zoterozo? Ndinayamba ndine kunena kuti tipitire limodzi. Mumtima ndinawerenga kuti dalaivala, ine ndi alamu tikwana atatu, palibe chaonongeka.

Koma nkhani ikalowa kwa alamu anga ndiye kuti yalengezedwa. Pasanathe masiku awiri khonde lathu linasanduka depoti. Kunabwera thumba la mtedza la mwana wina wophunzitsa ku Jenda, ndowa ya ufa ya ku Ekwendeni, mbatata za ku Mzuzu, ndi tambala m'dengu amene anayenera kutsika pa Kasungu. Aliyense ankayamba ndi mawu omwewo: "Tamva kuti galimoto ikupita yopanda kanthu." Amuna anga sadziwa kukana katundu. Kwa iwo galimoto yoyenda yopanda katundu ndi tchimo lofunika kulapa. Ankangolandira, n'kufunsa kotsikira, n'kulemba pakatoni paja. Walira mvula walira matope, ndinadziuza, pikapuyo ndinaipempherera ndekha.

Lachitatu masana kunabwera akulu ampingo athu, bambo wachikulire amene anatiyimira pa ukwati wathu, akuyenda ndi ndodo chifukwa bondo lawo linali litatupa. Anakhala pampando, anafunsa za ana onse mmodzimmodzi, anayamikira mtedza wathu, kenako anati mwana wawo wa ku Kasungu wakhala akuwaitana kuti akapumuleko, koma minibasi ndi mwendo umenewu sizingatheke. Amuna anga anati palibe vuto. Ine ndinali kukhitchini, ndipo masamu ake sanafune katoni. Malo atatu, anthu anayi. Sungaike mlongo wamkulu wa mwamuna wako kumbuyo, sungaikenso mkulu wampingo wodwala mwendo. Wotsala ndinali ine, mpaka ku Kasungu, m'mphepo ya Julaye.

Wina anganene kuti Kasungu si patali, ukatero ubwerera kutsogolo. Ine sindinkaziona choncho. Ndinkafuna kutuluka m'mudzi muno ndili kutsogolo, amayi anzanga akundiona. Ndinkadziwanso kuti ukangoyamba ulendo uli kumbuyo, pa Kasungu padzapezeka wina wachikulire wopita ku Jenda. Ndinapsa mtima kwambiri. Alendo atachoka ndinawauza amuna anga maso ndi maso.

"Ndinapempha chinthu chimodzi. Chimodzi! Zaka zonsezi sindinakupempheni ndi nsapato zomwe za ku Lusaka."

"Dekhani, amayi."

"Ndadekha zaka makumi atatu. Mukakwatire kudekhako."

M'mawa mwake ndinawaona akukhoma mitengo kumbuyo kwa pikapu, akukokapo tenti, kenako anatulutsa matiresi a kuchipinda cha alendo n'kuwayala mbali imodzi, pilo kumutu. Ndinati ohoo, andikonzera pogona kuti ndisadandaule. Kuyambira pamenepo mawu anga kwa iwo anali akuti madzi ali kubafa ndi akuti chakudya chapsa. Komabe mtedza ndinakazinga, chigumu ndinaphika, fulasiki ndinatsuka. Ndikakwiya manja anga sadziwa. Masana a tsiku lomaliza anatenga galimoto n'kuchoka osanena kumene akupita, ine sindinafunse.

Tsiku la ulendo kunacha kozizira, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Theka la mudzi linabwera kudzaperekeza katundu wawo. Alamu anafika atavala zitenje zitatu ndi juzi ya malemu amuna awo. Akulu ampingo anabwera pa njinga ya kabaza. Chovala chofiira chija ndinachisiya m'chikwama, sindinafune kusekedwa kawiri tsiku limodzi. Ndinamanga chitenje kumutu, n'kupita kumbuyo kwa galimoto, n'kuponda pa tayala kuti ndikwere.

"Amayi, mukupita kuti?" Amuna anga anali ataima ndi katoni yawo m'manja, magalasi ali pamphuno.

"Kumalo kwanga."

"Tatsikani kaye. Pano sipakwera chinthu ndisanawerenge." Anatembenukira kwa anthu. "Pa thiraki pali lamulo. Katundu wotsika pomaliza ndi amene amayamba kukwera, ndipo amakhala mkati mwenimweni, kuti asamasunthidwesunthidwe panjira. Amayi, inu mukutsikira kuti?"

"Ku Nyika," ndinayankha mokwiya.

"Alipo wina pano wopitirira ku Nyika?"

Panalibe. Anatsegula chitseko chakutsogolo n'kuloza pakati pa mpando, pafupi ndi chiwongolero.

"Achimwene, mwayamba misala?" anatero alamu. "Nanga abambo ampingowa?"

Akulu ampingo anaseka, n'kukweza ndodo. "Musandivutikire, mayi. Bondo ili silipindika. Dzulo anabwera kwathu ndi galimoto, tinayesa kutsogoloko, ndinalephera ndi kutseka chitseko komwe. Pamatiresipo ndagonapo kale, ndipo pakanapanda ulemu ndikanapempha kuti andisiye pompo mpaka lero."

Anthu anaseka. Phazi langa limodzi linali likadali pa tayala. Galu wamkota sakandira pachabe, koma ine ndinakhala naye zaka zonsezi osadziwa kuti akukanda chiyani. Manyazi anandigwira chifukwa cha masiku awiri aja, koma chimwemwe chinaposa manyaziwo. Ndinavula chitenje cha kumutu, n'kukwera woyamba, anthu onse akuona.

Ndili mkatimo ndinkamva akuwerenga zotsala. Ndowa ya ku Ekwendeni inalowa mkati, kenako mbatata za ku Mzuzu, mtedza wa ku Jenda, ndipo tambala anakhala kumapeto penipeni. Akulu ampingo anawagoneka pamatiresi atavala jekete lachitatu lija ndi chipewa chophimba makutu, mabulangete awiri pamwamba. Alamu anakwera pomaliza kutsogolo, n'kundikankha ndi chiuno mpaka phewa langa linakanirira paphewa la amuna anga.

"Alamu, mwakalamba kuchita ngati mkwatibwi," anandinong'oneza.

"Galimoto ya ukwatiwo ndiyo inachedwa," ndinatero, ndipo anaseka mpaka mpando kugwedezeka.

Pakatipo si pamalo pabwino, ndisaname. Giya ya pikapu ija ili pansi, ndipo nthawi iliyonse akasintha inkandigunda bondo. Miyendo ndinaipinda mbali imodzi mpaka inachita dzanzi. Koma msewu ndinauona ukubwera kutsogolo kwanga, pamene zaka zonse ndinkauona ukuthawa kumbuyo m'fumbi. Amuna anga ankandilozera malo pamene anagonapo masiku awiri thiraki itafa, ndi pamene ankagula chimanga chootcha. Nkhani zimenezi ndinali nditazimva kambirimbiri pakhonde, koma malo ake ndinali ndisanawaone. Nthawi zina ankandifunsa kuti chikwangwani chakutsogolo chalembedwa chiyani, ine n'kuwawerengera, alamu osazindikira kanthu.

Katundu anatsika monga analembera. Akulu ampingo ndi tambala anatsala pa Kasungu, mtedza pa Jenda. Ku Chikangawa tinadutsa dzuwa likuwala. Alamu tinawasiya ku Mzuzu ali ndi mdzukulu m'manja, akutilangizabe kuti tisakafe ndi chisanu chodzifunira tokha. Udzu woyera uja ndinakauona patapita masiku awiri, nditavala chofiira changa, ndipo madzi a m'beseni ndinawagogoda ndi chala. Ndinawapepesa amuna anga pa nkhani ya laisensi yachiwiri ija.

Koma anthu akandifunsa za ulendowo, chimene chimayamba kubwera m'mutu mwanga ndi pa Ekwendeni. Titatsitsa ndowa ya ufa, kumbuyo kunatsala matiresi, masipeya awiri, zida za galimoto ndi zikwama zathu basi. Amuna anga analiza injini, n'kuyang'ana malo aakulu amene alamu anasiya kukhomo.

"Malo alipo tsopano, amayi. Sunthirani uko, giyayi ikupwetekani bondo."

"Yendetsani galimoto, abambo," ndinatero. "Katundu wa ku Nyika sasunthidwa panjira."

Anaika giya yoyamba, inandigundanso bondo, ndipo ndinakhala pompo mpaka ku Rumphi.