Foni ya Malemu a Ngozo

Nditamaliza dipuloma ya makompyuta ndinabwerera kwathu ku Ntcheu, n'kumataipa makalata a anthu pa kashopu kena pa boma. Tsiku lina kunabwera bambo ena aatali ndi fulashi yodzaza mavairasi, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinawakalipira ndisanafunse n'komwe kuti ndi ndani. Iwo anangoseka. "Lilime lanu ndi lakuthwa, koma manja anu ndi abwino. Mubwere Lolemba." Amenewo anali a Ngozo, mkulu wa za makompyuta pa bungwe lina logula mbatata ya kachewere kwa alimi a ku Tsangano.

Alangizi athu ankayenda m'midzi ndi matabuleti, kulembamo matumba amene mlimi aliyense wapereka. Matabuleti onsewo ankamvera seva imodzi, chikompyuta chimene bungwe linkachita lendi ku Lilongwe. Tikaika pulogalamu yatsopano pa seva, madzulo ake inkadzilowetsa yokha m'tabuleti iliyonse imene yagwira netiweki. Ine ntchito yanga inali kuyesa pulogalamu pa tabuleti imodzi isanapite kwa onse, ndi kuona m'mawa uliwonse amene alowa pa seva ndi zimene achitapo. Akaunti yanga inkaona zonse, koma sinkatha kuimitsa pulogalamu kapena kutsekera munthu. Mphamvu imeneyo inali m'akaunti ya a Ngozo okha. Polowamo pankafunika pasiwedi, kenako nambala yobwera pa meseji ku foni yawo, ndipo ukachedwa pang'ono nambalayo inkafa.

Matenda a a Ngozo anali chifundo. Mnzathu wina wa muofesi, Yohane, atachotsedwa ntchito, ndinawauza kuti titseke akaunti yake. "Tamusiyani, mtima ukazizira abwera adzapepese," anatero. Ndinang'ung'udza mpaka ndinatopa.

Kenako a Ngozo anadwala mwadzidzidzi. Kuchipatala anandinong'oneza pasiwedi yawo, koma za foni tonse sitinaziganize. Sabata isanathe anatisiya, ndipo thupi analitengera kumudzi kwawo ku Tsangano.

M'mawa wa tsiku loti mawa lake tikaike maliro, ndinadutsira ku ofesi kuti ndingosuzumira pa seva. Akaunti ya Yohane inali italowa n'kuika lamulo loti madzulo omwewo matabuleti onse afufutidwe. Zambiri zimene alangizi analemba m'nyengo yokumba zinali zisanafike pa seva chifukwa cha netiweki yovuta ya kumapiri. Zikanafufutika, alimi sakanakhala ndi umboni wa mbatata imene anapereka, thukuta la chaka chonse.

Foni ya Yohane inali yothima. Ndinaimbira eni seva ku Lilongwe, mtsikana wa mawu okoma n'kundiuza kuti akufuna chilolezo cha mwini akaunti. "Mwini wake ali m'bokosi!" ndinakuwa. "Pepani kwambiri, mayi. Mutitumizire chikalata cha imfa, tiona sabata yamawa." Ndinayesa kuimbira alangizi kuti athimitse matabuleti, koma ambiri sankapezeka. Ndinakulunga laputopu m'chitenje, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Tsangano kukafuna foni ya malemu. Njira yonse ndinkangoyang'ana dzuwa.

Pamaliro ndinapeza mkulu wawo wa malemu atakhala ndi azibambo panja. Ndinagwada chapatali n'kufotokoza. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Munthu sanaikidwe n'komwe, inu mwayamba kale kufunsa katundu wake? Za malemu sitikhudza mpaka titameta." Ndinachonderera mpaka azibambo ena anayamba kutsonya. Ndinadzuka ndikulira, ndipo amene anandiona ankayesa ndikulira maliro, pamene inali misozi ya mkwiyo ndi kusowa pogwira.

Chinandithandiza n'chakuti ndine mkazi, m'siwa palibe akanandiletsa kulowa. Ndinakwawa pakati pa azimayi oimba nyimbo mpaka ndinafika pamene panakhala namfedwa, Anachisale, pafupi ndi bokosi. Manyazi anandigwira, koma ndinawapepesa n'kuwanong'oneza zonse. Kenako anagwira dzanja langa n'kuliika pa mfundo ya chitenje chawo, ndipo ndinamva chinthu cholimba. "Ili ndi ine, mwana wanga. Alamu anga sakudziwa. Muli mawu a amuna anga, ndimamvera ndikakhala ndekha."

Koma m'nyumbamo foni inkagwira netiweki ya ku Mozambique, monga imachitira kumalire kuja, ndipo meseji sikanafika. Netiweki ya kwathu inkapezeka pa chulu cha kuseri kwa chimbudzi. Foni sakanaipereka m'manja mwanga, komanso namfedwa sangotuluka m'siwa thupi lili m'nyumba. Ndinaona kuti basi zatha. Apo Anachisale anakweza mawu kuti aliyense amve: "Amayi inu, tandiperekezani kuseri."

Azimayi angapo anawagwira m'mikono, ine pambuyo ndi mtolo wanga. Pa chulu paja anatizungulira atatambasula zitenje, ndipo azibambo anayang'ana kumbali mwaulemu. Ndinatsegula laputopu pamiyendo, n'kuilumikiza ku foni yanga, n'kulemba pasiwedi. Nambala yoyamba inafika itafa kale. Mithunzi ya mitengo inali itatalika. Yachiwiri itafika, Anachisale anaiwerenga ndi mawu osasa, imodziimodzi, ndipo seva inatseguka.

Ndinafufuta lamulo lija, n'kutseka akaunti ya Yohane. Ndinapereka mphamvu ku akaunti yanga ndi ya manijala wa bungwe, ndinasintha pasiwedi ya a Ngozo, n'kusamutsira nambala zija ku foni yanga. Chinatsala chinali kutseka akaunti ya malemu, poti ndiye lamulo la ntchito yathu. Anachisale anali ataweramira pa laputopu, chala chili pa dzina la amuna awo.

"Ndiye mukuwachotsa?" anafunsa.

Ndinayankha kuti inde, ndiyenera kutero.

"Dikirani mawa. Musawachotse ntchito asanagone."

Ndinatseka laputopu, dzina lili pomwepo. Mawa lake, adzukulu atamaliza kukwirira ndipo anthu akubwerera kumudzi, ndinakwera ndekha pa chulu paja n'kutseka akauntiyo. Pamenepo m'pamene ndinawalira a Ngozo zenizeni.

Kuyambira nthawi imeneyo, kulikonse kumene ndagwira ntchito sindilola kuti kiyi wa seva akhale ndi munthu mmodzi, ngakhale akhale wabwino chotani. Wochotsedwa ntchito ndimamutsekera asanatuluke pageti, andide asandide. Koma ikakhala imfa, ndimasintha pasiwedi tsiku lomwelo, dzina n'kulisiya mpaka munthuyo ataikidwa. Abwana ena anandifunsapo kuti lamulo limenelo lili m'buku liti, ndipo ndinawauza kuti anandipatsa ndi Anachisale a ku Tsangano.