Wonyamula Mbendera ya Nikolasi Woyera

Mkulu amene amanyamula mbendera ya bungwe la Agiriki ku Bulawayo salola kuti iwerame. Mayi ake ndiwo anaipeta ndi ulusi wagolide kwawo kuchilumba china cha Agiriki, pakati n'kusokererapo Nikolasi Woyera. Mawu a mkuluyu sasintha: "Woyera saweramira munthu."

Tsiku lotsegulira holo yatsopano, khomo linapezeka lalifupi.

"Ipendeketseni pang'ono, madala," anatero wapampando, Stamatisi. "Nyama ikuzizira. Woyera sangadandaule."

"Wamufunsa? Vuto ndi iwe, unayeza khomoli ndi msinkhu wakowo."

Anthu anafa nacho chiseko, koma mkuluyo sanaseke. Anagwada pasimenti ndi mawondo ake otupa, n'kuyamba kukwawa pang'onopang'ono, mtengo wa mbendera uli chilili m'manja. Mbendera inalowa yowongoka, osakhudza pamwamba pa khomo.

Stamatisi anavula chipewa, nayenso n'kulowa chogwada.