Mfuti ya Akopolo

Nthawi ya Angerezi ndinali wapolisi kutsidya kwa nyanja, ku Mbamba Bay, askari monga ankatitchulira kumeneko. Tinalipo ochepa, ndipo mkulu wathu anali kopolo wina wokalamba, wa ku Nyasaland ngati ine ndemwe. Tikatsala awiri tinkasiya Chiswahili n'kumayankhula chakwathu.

Akopolowo anali ovuta, ndisaname. Mfuti yawo sankalola munthu kuikhudza, ngakhale kungoisuntha posesa. M'mawa uliwonse ankaipukuta ndi kuipaka mafuta, mpaka ife tinkanena kumbali kuti mayi akunyumba ali ndi mkazi mnzawo.

Chimene anzanga sankadziwa n'chakuti maso awo anali atatha. Ine ndinazindikira tsiku lina atandivulira chipewa pamsewu, kuyesa ndine abusa. Lamulo tonse tinkalidziwa: askari wosaona amabweza mfuti n'kupita kumudzi. Ndiye ndinangosunga pakamwa.

Kenako ng'ona inayamba kuvuta padooko lina cha ku Ngumbo, pomwe amayi ankatunga madzi. Anthu anabwera kudzapempha akopolo enieniwo, poti kale anaphapo ina ndi chipolopolo chimodzi. Akanakana bwanji? Ananditenga ine.

Tinafika masana, dzuwa lili pamutu. Anthu tinawasiya kumtunda, ife n'kukwawa m'bango. Ng'onayo inali gone pamchenga, kukamwa yasa. Akopolo anagwada, n'kulozetsa mfuti bwinobwino, koma kumene analozako kunali bwato lakale limene linavundikiridwa chapambali.

Ndinanong'ona kuti, "Akopolo, limenelo ndi bwato."

Anatsitsa mfuti. Ndikanatha kuwombera ndi yanga, koma bwana wathu wachizungu ankanunkhiza mfuti zonse tikabwerera, ndipo akanadziwa kuti yalira ndi iti. Akopolo ankazidziwa zimenezi kuposa ine. Anandipatsira yawo ndi manja awiri.

"Gwira, mphwanga. Imakokera kumanzere pang'ono."

Ndinawombera, ng'ona inaphiriphitha n'kukhala zii. Mfuti ndinaibweza tisanatuluke m'bangomo. Amayi analulutira akopolo, wina anawapatsa nkhuku, ine ndili pambuyo. Panjira ndinawauza kuti palibe waona, nkhani yatha, agwire ntchito mpaka tsiku lawo lopuma litakwana.

M'mawa mwake mfuti ija anaipukuta monga mwa masiku onse, n'kukaiika patebulo la bwana, n'kunena okha za maso awo. Ine mtima unandipsa kwambiri. Ndinawapeza akumanga katundu ndipo ndinawafunsa, mopanda ulemu ndithu, kuti nanga ndinadzivutitsiranji kuwabisa miyezi yonseyi.

Iwo anapitiriza kumanga mtolo wawo, osandiyang'ana.

"Dzulo bwato lija linali lopanda munthu," anatero. "Tsiku lina m'bwatomo mudzakhala muli munthu, iwe kulibe."

Anakwera sitima yopita ku Nkhata Bay sabata yomweyo. Mfutiyo bwana anaipatsa askari watsopano wa ku Songea, amene ankangoisiya paliponse.