Makina a pa Mponela ndi Nkhoswe wa Manesi

A Elisha Kamtedza anabadwira kumapiri a ku Dowa, chakum'mawa kwa boma, m'banja la mkulu wa mpingo. Mwa ana onse a m'nyumbamo anakula ndi awiri okha, iwo ndi mlongo wawo wamng'ono, Manesi. Sukulu anailekeza panjira, koma zala zawo zinali zothamanga, ndiye anapeza ntchito yotayipa pa ofesi ina. Anatayipa mpaka imvi zinayamba kusuzumira. Matipate atangobwera, m'mawa wina anaitanidwa n'kuuzidwa kuti otayipa achuluka. Anabwerera kumudzi ndi jekete lawo limodzi lomwelo, nalima fodya, fodyayo n'kuwakana. Munthu amene anachotsedwapo ntchito sagona tulo tofanana ndi anzake. Zimene a Elisha anachita pambuyo pake muziweruze mukudziwa zimenezi, ngakhale kuwaikira kumbuyo kokha ayi.

Mwayi unawapeza pamene bungwe lina lokumba ndi kukonza mijigo linatsegula ofesi pa Mponela. Bungwelo linali ndi timaofesi tina pa Dowa boma ndi ku Ntchisi, likulu lake ku Lilongwe. M'chaka cha 1998 linabweretsa makompyuta, ndipo amene anabwera kudzawalumikiza anali mtsikana wa kulikulu dzina lake Vanessa, wolankhula mofulumira ngati akuthamangira minibasi.

Vanessa anawafotokozera a Elisha motere. Kompyuta yaikulu ili ku Lilongwe, ndipo ndiyo imasunga zonse za mijigo: wafa ndi uti, chathyoka n'chiyani, chitsulo cholowa m'malo mwake chili kuti. Makompyuta a ku Dowa ndi a ku Ntchisi saloledwa kulowamo okha. Akafuna kanthu amauza kompyuta ya pa Mponela, mmene muli pulogalamu ya pakati. Iyo imaona ngati pempholo lili bwino, imalipititsa ku Lilongwe pa waya wa foni, n'kubweza yankho kwa wopemphayo. Waya ukafa, imasunga mapempho pamzere mpaka udzuke.

"Ndiye kuti ameneyu ndi nkhoswe," anatero a Elisha. "Mkazi sapita yekha kukalankhula ndi akuchimuna."

Vanessa anaseka, nati bola mwamva. A Elisha anamvadi msanga, poti unkhoswe ankaudziwa. Manesi anakwatiwa ndi Andireya wa kumapiri a ku Ntchisi, natengedwa chitengwa kukakhala kwawo kwa mwamunayo, ndipo nkhoswe wake anali a Elisha.

Makinawo anali ndi kachilema kamodzi. Magetsi akathima, pulogalamu ya pakati siinkadzuka yokha. Pankafunika munthu woyatsa zinthu mwa ndondomeko yake: kuyamba ndi kabokosi kolumikiza foni, kenako pulogalamuyo, kenako kuona kuti mapempho a pamzere asapite kawiri. Vanessa anaphunzitsa a Elisha, ndipo pokwera galimoto anati, "Bambo Kamtedza, muphunzitsenso Peggy. Zinthu izi sizifuna munthu mmodzi."

Peggy anali kalaliki mnzawo, mtsikana wa satifiketi ya fomu folo, wa mutu wogwira. Mutu wogwirawo ndi umene unawaopsa a Elisha. Anayankha kuti amuphunzitsa ndithu, angoyamba wazolowera. Koma magetsi akabwera, Peggy ankapezeka watumidwa zitumbuwa kumsika, kapena a Elisha aimirira chotseka galasi la kompyuta ndi msana wawo wonse. Ndipo magetsi a pa Mponela masiku amenewo, inu, ankathima ngakhale khwangwala angotera pa waya. Tsiku lililonse m'makonde a ofesi munkamveka mawu amodzi: "Itanani a Elisha." Mawu amenewa ankawakomera kuposa malipiro.

Andireya anamwalira m'nyengo yozizira, atadwala nthawi yaitali. A Elisha anapita kumaliro, koma anangogonako usiku umodzi, poti ku ofesi makina anali okha. Manesi anatsala kumudzi kwa eni ake ndi ana atatu.

Mwambo wake ndi wodziwika. Mkazi wamasiye wa pa chitengwa sangangolongedza mapoto n'kumapita. Amayenera kusudzulidwa: ankhoswe a mbali zonse ziwiri amakhala pamphasa, akuchimuna n'kunena poyera kuti mlongo wanu tamumasula, mutengeni. Popanda nkhoswe wake palibe chimene chingayende, ndipo iye mwini sangaitanitse nkhaniyo. Manesi ankafuna kubwerera kwawo. Munda umene ankalima ndi Andireya unali wa mbumba ya mwamunayo, ndipo anali atauzidwa kale kuti chimanga chimene wakololacho n'chomaliza. Kwawo ku Dowa kunali munda wa malemu amayi awo, wogonera, wofunika kusosa ndi kupanga mizere mvula isanagwe. Nkhani yonse inali imeneyi: Manesi afike kwawo nthawi yolima isanathe.

Uthenga woyamba unabwera ndi dalaivala wa bungwelo.

"Mlongo wanu akuti a Benjamini, atsibweni a malemu aja, akudikira inu."

"Ndamva," anatero a Elisha. "Mukamuuze kuti Loweruka likubwerali."

Koma ulendowo sunali wa Loweruka limodzi. Kukwera mpaka pa Ntchisi boma, kuyenda pansi kulowa m'mapiri, kukhala pamphasa, kubwerera, panafunika kupempha masiku ku ofesi. Ndipo bwana akanafunsa funso limodzi lokha: nanga magetsi akathima adzutsa makina ndani? Loweruka linafika, linapita. Linzake chimodzimodzi. Dalaivala uja anayamba kuchita manyazi m'malo mwawo, moti akawaona ankangoloza kumapiri ndi mlomo.

Mbale wawo Alexio, mwana wa amayi awo aang'ono, anabwera panjinga kuchokera kumudzi.

"Achimwene, ngati ntchito yakupanikizani, ndilamuleni ndikaimirire ine. Anthu ayamba kusosa."

A Elisha anakwiya ngati atukwanidwa.

"Nkhoswe wa Manesi ndine. Kodi ndafa ine?"

Alexio anapepesa, nakwera njinga yake. Kunena zoona a Elisha ankamukonda mlongo wawo. Kungoti mpando uliwonse umene anakhalapo, ankaopa kuti akangodzuka pang'ono apeza pakhala wina.

Dzuwa la mwezi wa Seputembala litayamba kuwawa, Manesi anatsika yekha m'mapiri, wapansi, mpaka pa ofesi ya bungwelo ku Ntchisi. Anapempha kalaliki wa pamenepo kuti amuimbire foni achimwene ake. Koma foni ya pa Mponela inali imodzi, ndipo masana onse inkakhala m'manja mwa makina. Kalaliki anaimba, napatsa Manesi kuti adzimvere yekha kuti sikulowa. Anamuuza kuti makompyuta akukambirana, adikire amalize. Manesi anakhala pakhonde mpaka mthunzi unatembenuka, kenako anamanga chitenje n'kuyamba kukwera phiri.

A Elisha anamva zimenezi m'mawa mwake, kwa kalaliki yemweyo. Anafufuza chimene chinkadutsa pa waya masana amenewo: anali mapempho a timphira ta mijigo. Iwo anali atakhala pomwepo, pafupi ndi kabokosi kaja, akuonerera timagetsi take tikuphethira, n'kumadziona ngati munthu wofunika. Mtima unawawawa kwambiri. Anadziona kuti ndi munthu woipa, ndipo sanalakwitse.

"Peggy, tabwera kuno," anaitana.

Peggy anabwera, naima pambali pa kompyuta, manja kumbuyo. A Elisha anayang'ana makinawo, nayang'ana mtsikanayo. Kumuphunzitsa kukanatenga nthawi yochepa kuposa kuphika nyemba. Mawu anafika pakhosi n'kubwerera.

"Tandiikira madzi a tiyi," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo chakudya chinasiya kuwakomera. Kutchalitchi ankaimba nyimbo maso ali pansi. Koma Loweruka lililonse ankapezeka pa ofesi.

Mvula inagwa kumayambiriro kwa Novembala, yamphamvu, ya ziphaliwali. Patapita masabata angapo, mphenzi inamenya mawaya a foni, ndipo okonza anati zitenga nthawi. Makina a pa Mponela anangokhala duu, opanda wolankhula naye. Apa m'pamene a Elisha anapempha tchuthi. Anapita chifukwa panalibenso choti alondere, osati chifukwa mtima unapambana, ndipo iwo eni ankadziwa zimenezi njira yonse, akuterereka m'matope a m'mapiri, minda ya anthu itamera kale mbali zonse.

Nyumba ya malemu Andireya anaipeza yotseka, pakhonde pagona mbuzi. Mayi wina anawalozera kumtunda, kwa a Enoki, mkulu wake wa malemuyo. Kumeneko anaona kakhitchini katsopano kofoleredwa ndi udzu wauwisi. Mayi Ester, akazi a a Enoki, anawapatsa moni wa pakamwa pokha, n'kupitiriza kusenda maungu. Manesi anaitanidwa kumunda. Anabwera ndi khasu paphewa, atawonda, nagwada patali.

"Mwayenda bwanji, achimwene?"

A Elisha akanakonda Manesi akanawalalatira.

Mphasa inayalidwa pansi pa mtengo wa mango. A Benjamini, nkhalamba yolankhula mofatsa, anayamba ndi kuthokoza kuti alendo afika bwino. Kenako anati:

"Tinakudikirani, bambo. Tinatuma mawu, mawu anabwera akuti Loweruka. Ife sitikanathamangitsa mkazi wopanda womulandira, komanso sitikanaonerera ana a Andireya akulowa m'dzinja opanda mzere ndi umodzi womwe. A Enoki awa anamudulira munda. Ndiye monga mudziwa, munda wa mwamuna salima mlendo. Mlongo wanu walowa chokolo, ali m'nyumba mwa a Enoki. Chatsala n'chimodzi. Ukwati wopanda nkhoswe si ukwati. Poti mwabwera, tikupempha kuti muuvomere."

A Elisha anakonza chipewa chawo pamutu.

"Ine ndabwera kudzatenga mlongo wanga," anatero. Mawuwo anatuluka aang'ono.

A Enoki ankayang'ana zala za kumapazi kwawo. Kenako Manesi anapempha kuti alankhule ndi achimwene ake pambali, ndipo awiriwo anapita kuseri kwa chigafa cha fodya.

"Mukunditengera kuti, achimwene?" anafunsa Manesi. "Kwathu munda ndi thengo. Ndikayambe kusosa lero, anzanga akupalira? Anawa akadya chiyani? Kuno chimanga changa chamera."

"Ndikusunga ine pa Mponela."

"M'chipinda chimodzi chija, ndi alamu ndi ana anu? Mpaka liti?"

A Elisha anafunsa chimene chinkawadya.

"Iwe Manesi, unafuna zimenezi?"

"Musandifunse zimenezo." Anapukuta dothi la pa khasu ndi chala. "Bulauzi yanga ya chigwirizano cha amayi ndinapinda kale. Akulu a mpingo abwera sabata yamawa kudzandiuza zimene ndikuzidziwa. Mwana wa abambo athu aja, mkazi wachiwiri. Zachitika basi."

"Ndakulakwira, mlongo wanga. Ndine ndachita zimenezi."

"Eya, ndinu," anatero Manesi, mosakweza mawu. "Koma musandilakwirenso kachiwiri. Kavomereni. Mwawaona mayi Ester mmene akundiyang'anira. Mukakana, tsiku limene adzanditayire mapoto panja ndidzakadandaula kwa yani?"

Anabwerera kumphasa. A Elisha anakhala pansi, navula chipewa, nachiika pabondo. A Benjamini anadikira osawafulumizitsa. A Elisha anawomba m'manja mwaulemu monga achitira ankhoswe, nanena kuti iwo, mwini wake wa Manesi, ukwatiwu auvomera.

Manesi sanadikire kuti amve zotsalazo. Kumwamba kunali kutayamba kuda, ndiye anatola khasu lake n'kubwerera kumunda kwa a Enoki.