Masamba Pamsewu wa ku Lirangwe

Ndinagwira ntchito ya udalaivala ku bwalo la ndege la Chileka kwa zaka zambiri. Kampani yathu inali ndi ndege zing'onozing'ono zonyamula anthu kupita ku maesiteti ndi kumalo osungirako nyama. Ine ndege sindinakwerepo. Yanga inali pikapu: m'mawa kukatenga oyendetsa ndege, masana kunyamula katundu, madzulo kukawatula.

Mmodzi mwa iwo anali bambo wa kwathu konkuno, waimvi, wosakonda zolankhulalankhula ngati ine ndemwe. Tinkangowatchula kuti akaputeni. Tsiku lina, nyengo imene anthu amatentha tchire mpaka phiri la Michiru kubisika mu utsi, ndinawafunsa ngati sasokera kumwambako.

"Kusokera si nkhani," anatero. "Wosokera amadziwa kuti wasokera, ndiye amafunsa. Choopsa ndi kuona bwalo pamene umayembekezera kuona bwalo. Watopa, msana ukuwawa, pansi apo pali msewu wa ndege wautali bwinobwino. Mtima umangoti ndi pompano. Chonsecho ndi bwalo la eni ake, lako lili kuseri kwa phiri."

"Ndiye mumatani?"

"Maso paokha sitiwakhulupirira. Kumutu kwa msewu wa ndege amalembako nambala zikuluzikulu. Timaziwerenga, n'kuona ngati zikugwirizana ndi kampasi. Mabwalo akuluakulu ali ndi kawailesi kolira chizindikiro cha bwalolo, timamvetsera. Timafunsa a pansanja yoyang'anira ndege ngati akutiona. Mnzako wakhala pambaliyo umamuuza mokweza dzina la bwalo, iye avomere. Chimodzi chikakana, umakwezanso ndege, kuzungulira, kuyambiranso."

"Okwera sadandaula?"

"Amadandaula. Amati lero watinyamula wophunzira."

Sitinaikambenso nkhaniyo.

Patapita zaka, mnzanga wina wonyamula zikwama pabwalopo anamwalira. Munali m'chilimwe. Iye anali mkamwini ku Chileka kuno, koma kwawo kunali mudzi wina kupitirira Lirangwe, ndipo amalume ake analamula kuti akagone kumeneko, pafupi ndi mayi ake. Mnzangayo kwawo sankapitako kawirikawiri. Mkazi wake, amene ine ndinkawatchula kuti alamu, anafikako atangokwatirana, n'kudzafikakonso pa maliro a apongozi awo, kalekale. Akuchimuna ankanena poyera kuti mkaziyu anaika mwana wawo m'botolo, n'chifukwa chake anaiwala kwawo. Alamuwo ankadziwa zimenezi. Ankadziwanso kuti pa maliro awa maso onse adzakhala pa iwo.

Kampani inapereka bokosi ndi pikapu, ndipo dalaivala ndinali ine. Tinachezera ku Chileka, m'mawa n'kupita kumochale ku Blantyre. Mphwake wa malemu, amene akanatilondolera njira, anatsogola pa kabaza kuti akauze adzukulu. Anandiuza kuti: "Mukadutsa pamsika wa Lirangwe mukhotere kumanzere, msewu wafumbi. Mukaona mlambe ndi mjigo, masamba muwaona pomwepo." Foni yake inali itatha moto.

Kumochale anatichedwetsa. Tinanyamuka dzuwa litapendeka kale. Kutsogolo tinakhala atatu: ine, alamu pakati, ndi mkulu wampingo wa ku Chileka kuchitseko. Kumbuyo kunali bokosi, lomangidwa ndi chingwe, ndi amayi a mpingo atakhala molizungulira. Anayimba mpaka pa Lunzu. Kuchoka apo mawu anawathera, kunatsala kulira kwa injini basi. Maso anga ankaluma ngati muli mchenga.

Tinadutsa pa Lirangwe, n'kukhotera kumanzere. Msewu unali wa mabampu, ndinkayenda pang'onopang'ono poopa kugwedeza bokosi. Kenako mlambe uja. Pambali pake mjigo. Patsogolo pang'ono, masamba aawisi atayalidwa modutsa msewu, monga timachitira kuti wodutsa adziwe kuti pano pali zovuta, atsike panjinga, avule chipewa.

Anthu anatiwona msanga. "Afika! Afika!" Amuna anadzuka pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kubwera. M'nyumba ya siwa amayi anabuma, ndipo amayi athu kumbuyo anayambanso nyimbo.

"Tafika," anatero mkulu wampingo, akupukuta thukuta.

"Alamu, ndi pano?" ndinafunsa.

Anadzutsa mutu, nayang'ana nyumba ya njerwa zootcha, khola la mbuzi, mtengo wa mango. Misozi inali itadzaza m'maso.

"Ndi pompano," anatero.

Phazi langa linkafuna kuponda. Ndinkangolakalaka kutsitsa bokosi lija, ndipeze mthunzi, ndigone. Mlambe unalipo, mjigo unalipo, masamba analipo, mwini maliro wavomera. Koma mwa amuna onse amene ankabwera aja, mphwake wa malemu sindinamuone. Munthu amene anatsogola kudzatidikira akanakhala woyamba kufika pagalimoto. Ndinaima pamasamba pomwepo, n'kuzimitsa injini.

"Adalaivala," anatero mkulu wampingo, "mukufuna malemu atsike ayende wapansi?"

"Ndifunse kaye."

"Kufunsa pamaliro? Amayi anena kale kuti ndi pano. Inu mukudziwa kwawo kwa munthu kuposa mkazi wake?"

Ndinatsika, n'kuvula chipewa. Anyamata awiri anali atayamba kale kumasula chingwe. Ndinawapempha kuti adikire, ndipo mmodzi anandiyang'ana ngati ndaledzera. Ndinapita kwa bambo wachikulire amene anatsogolera gululo, n'kunjuta.

"Pepani nazo zovutazi, atate. Kodi mukuyembekeza ndani?"

"Funso lanji limenelo? Mlongo wanga. Kuchokera kuchipatala ku Blantyre."

"Ife tanyamula bambo."

Anangoti kukamwa yasa. Kenako anatembenuka, nakweza dzanja. Kulira kunazima pang'onopang'ono, kuyambira kwa amene anali pafupi mpaka m'nyumba muja. Mtsikana wina, mwana wa mayi womwalirayo, anali atagwira kale m'mbali mwa pikapu akuitana amayi ake. Anthu anachita kum'masula zala.

Nditatchula mudzi umene tinkapita, bambo uja anapukusa mutu. "Mwaima msanga. Muwoloke kaye dambo, mukapeza mlambe wina. Kuno mlambe ndi mjigo zili paliponse, achimwene."

Pamaliro sungangotembenuza galimoto n'kumapita. Ine ndi mkulu wampingo tinakakhala pansi pamodzi ndi amuna, tinapepesa, iwo anatipepesanso. Mkuluyo anapemphera, ndipo sanafupikitse. Nthawi yonseyo mnzanga anali padzuwa, ndipo dzuwa linali likutsika.

Titabwerera m'galimoto, alamu anali atasiya kulira. Anakhala chowongoka, manja pamiyendo.

"Alamu," anatero kwa ine chapansipansi, "imveka nkhani imeneyi. Midzi yake ndi yoyandikana. Akamva kuti ndine ndinati ndi pano, sandilola n'kukhala pafupi ndi bokosi. Adzati mkazi wosadziwa ngakhale khomo la apongozi ake, anafuna kupereka mwana wathu kwa eni ake."

Tinawoloka dambo louma. Amayi akumbuyo sanamve zimene zinalankhulidwa kutsogolo. Iwo ankangodziwa kuti galimoto inaima pamaliro ena.

"Ine bodza sindinena," anatero mkulu wampingo, akuyang'ana pawindo. "Komatu wofunsidwa za msewu si ine. Ndi adalaivala."

Mlambe wachiwiri unali wocheperako. Masamba ake anali atafota kale ndi dzuwa. Mphwake wa malemu anatithamangira tili patali, fumbi lili mbuu m'miyendo. Nkhani inali itatitsogolera. Wina wa njinga anali atadutsa njira yachidule.

Amalume a malemu, bambo wamfupi wa jekete lakuda, sanadikire kuti bokosi litsike.

"Tamva kuti mumakagawa mphwanga kwa anthu. Adzukulu amaliza kalekale, akungokhala kumanda. Munalibe wodziwa njira m'galimotomu?" Ankalankhula ndi ine, koma maso ali pa alamu.

"Kulakwa ndi kwanga, atate," ndinatero. "Ndinaona masamba, n'kungoima osafunsa. Alamuwa ndi amene anati si pano. Akanapanda iwo, bwenzi titatsitsa."

Amalumewo anayang'ana mkulu wampingo. Iye anali atatsegula buku la nyimbo, akufunafuna tsamba.

"Madalaivala a kundege," anatero amalume, mokweza kuti amuna onse amve. "Mumayesa kuno n'kopanda misewu? Tulo tanu mukagonere kwanu. Munthu wamkulumkulu, imvi zili mbuu, kulephera kufunsa!"

Ananena zambiri. Ena anaseka chamumtima, wina anati mwina ndinadutsira pa kachasu ku Lirangwe. Ndinaima chipewa chili m'manja mpaka anamaliza.

Bokosi analilowetsa m'nyumba ya siwa kwa kanthawi kochepa, poti nthawi inali itatha. Ndinaona alamu ataima pakhomo, osadziwa ngati alowe. M'katimo amayi anali atadzaza. Mlongo wake wa malemu, amene sanawapatse moni potsika, anawayang'ana kwa nthawi. Kenako anasendera, nasiya malo pamphasa, kumutu kwa bokosi. Alamu anavula nsapato n'kulowa.

Ine kumanda ndinafikako mochedwa. Ndinayamba ndakhala pansi kuseri kwa pikapu, msana nditatsamira tayala, ndipo sindinadzuke mpaka nyimbo zitafika patali.